Link ya sitolo yanga ikutuluka yopanda chithunzi, ndipo pa Google sindikupezeka

Mai a Tadala
Moni nonse m'gulu muno, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Ambiri mukundidziwa, ndimasoka madiresi, masiketi ndi malaya a zitenje kuno ku Turffontein mu Johannesburg, komanso ndimagulitsa zitenje zosasoka. Chaka chatha Thoko, mwana wa achimwene anga, anandipangira sitolo ya pa intaneti pa WooCommerce, pulogalamu yomangira masitolo otere. Ndinalipira zonse zofunika, ndinajambula katundu, tinaika mitengo. Koma taonani zimene zachitika. Lolemba mayi wina wa kutchalitchi anandipempha kuti ndiwatumizire diresi lobiriwira lija ndinavala Lamulungu. Nditatumiza link pa WhatsApp, chimene chinatuluka ndi kabokosi kotuwa, kopanda chithunzi, pamwamba patalembedwa "Product 14 – My Store". Mayiwo anandiyankha kuti, "Kodi si za akathyali izi?" Mtima unandipweteka, chifukwa diresi limenelo ndinalisoka masiku awiri. Usiku womwewo ndinalemba pa Google kuti "chitenje dress Johannesburg", ndinatsika masamba atatu, sitolo yanga osaiona. Safunsa anadya phula, ndiye ndikufunsa: chalakwika n'chiyani, ndipo ndiyambire pati?

Che Jafali
Mai a Tadala, pepani ndi zimenezo. Koma ine ndinene mmene ndikuonera. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndikugulitsa mpunga wa Kilombero, Nali, Sobo ndi tiyi wa Chombe kuno ku Mayfair, webusaiti ndilibe. Katundu akafika, ndimajambula matumba ali pakhomo, ndimaika pa status, pofika madzulo theka lapita. Anthu athu amagula kwa munthu amene akumudziwa nkhope. Ndalama mukulipira mwezi ndi mwezi pa sitoloyo bwenzi mutagula nsalu zina.

Chikondi wa ku Yeoville
Che Jafali, mpunga ndi diresi n'zosiyanatu. Mpunga wa Kilombero amaufuna ndi a kwathu okhaokha, ndipo onse muli nawo kale m'foni. Diresi la chitenje akhoza kugula mayi wa ku Soweto kapena wa ku Pretoria amene sanamvepo n'komwe za Turffontein. Ameneyo status ya Mai a Tadala adzaiona bwanji, nambala yawo alibe? Tiyeni tidikire a Kondwani, izi ndiye ntchito yawo.

Kondwani
Ndafika. Mayi, mavuto anu ndi awiri ndipo sali pachibale kwenikweni, tiyambe ndi la WhatsApp chifukwa ndi limene lakuchititsani manyazi.

Mukaika link pa WhatsApp kapena pa Facebook, iwowo amathamangira kutsamba lanu kukawerenga timizere tobisika timene kasitomala sationa. Timizereti timatchedwa Open Graph, inayambitsa ndi Facebook mu 2010. Tofunika kwambiri ndi titatu: og:title ndiye dzina la katundu, og:description ndiye mawu ochepa omufotokoza, og:image ndiye chithunzi. Akapeza kuti palibe, amangotola chimene akumana nacho, n'chifukwa chake kwa inu anatola "Product 14". WooCommerce payokha siika timizereti, pamafunika plugin, kapulogalamu koonjezera, ngati Yoast SEO kapena Rank Math, ndipo zonsezi zili ndi mtundu waulere umene ukukwanirani.

Chachiwiri ndi kulemera kwa chithunzi. Chithunzi chochoka pa foni chimatha kulemera 3 kapena 4 MB. Chikalemera choncho, WhatsApp nthawi zambiri imangochisiya, ndipo kasitomala amene akutsegula tsambalo ndi data yogula pa R10 amatseka lisanatseguke. Ine ndimaonetsetsa kuti chithunzi cha link chisapitirire 300 KB. Kukula kumene Facebook imalimbikitsa ndi ma pixel 1200 x 630, ndiye kuti chogona m'lifupi, osati choimirira. Apa samalani, chifukwa diresi mumalijambula choimirira. Mukangoliika momwemo, link imadula mutu ndi miyendo n'kutsala pamimba pokha. Jambulani china chapadera mutaima patali pang'ono, diresi lili pakati, mbali zonse muli malo.

Thoko
Azakhali, plugin imeneyo sindinaikedi, nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti imafunika. Ndiika usiku uno ndikachoka ku kalasi. Achimwene Kondwani, nanga za Google zija? Masamba onse alipo, katundu 38, miyezi isanu ndi itatu tsopano.

Kondwani
Thoko, tisanaganize zambiri, tiyese kaye ichi. Mayi, tsegulani Google, lembani site: kenako adiresi ya sitolo yanu, osasiya mpata pakati. Zimene zituluke ndi masamba anu amene Google ikuwadziwa. Mutiuze kuti atuluka angati.

Mai a Tadala
Ndalemba. Palibe chatuluka ngakhale chimodzi, achimwene. Akuti sanapeze chilichonse.

Kondwani
Ndiye kuti nkhani si yoti muli pansi pa anzanu ayi, Google siikudziwani n'komwe. Thoko, lowa mu WordPress, imene sitoloyo inamangidwapo, pita pa Settings, kenako Reading. Pansi pali kabokosi kolembedwa "Discourage search engines from indexing this site". Uone ngati kali kochonga.

Thoko
Kali kochonga. Ndakumbukira, ndinakachonga tikumanga sitoloyo kuti anthu asaone masamba osatha, tsiku lotsegulira sindinabwererenso kukachotsa. Azakhali, pepani kwambiri, miyezi yonseyi vuto linali limeneli. Ndachotsa pompano.

Mai a Tadala
Usadandaule mwanangu, unandipangira ndi mtima wabwino ndipo sunandilipiritse ngakhale senti. Bola tapeza pamene pakudontha. Ndiye tsopano ndituluka pa Google, a Kondwani?

Kondwani
Chitseko chatseguka, koma mlendo sanalowe. Thoko alembetse sitoloyo pa Google Search Console, pamene mwini webusaiti amadziwitsira Google za masamba ake, ndi yaulere. Akatsimikiza kuti webusaiti ndi yanu, atumize sitemap, umene ndi mndandanda wa masamba onse, plugin ija imaupanga yokha. Pa masamba ofunika kwambiri akhoza kuika adiresi yake mu URL Inspection n'kudina Request Indexing. Zikatero ndi kudikira, nthawi zina masiku ochepa, nthawi zina masabata. Koma musanaitane Google, konzani kaye mayina a katundu. Ikabwera n'kupeza "Product 14", "Product 15", idzakusungani ndi mayina omwewo, ndipo palibe munthu padziko pano amene amasaka "Product 14".

Bambo Mwale
Pamenepa ndiye ndilowererepo, chifukwa ndi phunziro limene ndinaliphunzira mowawa. Ine ndimagulitsa ma charger, zikwama za foni ndi ma power bank, ndili ku Kempton Park, katundu wina ali pa msika wa pa intaneti wa Takealot wina pa sitolo yanga. Poyamba ndinkalemba mayina ngati "Quality charger best price". Osagulitsa. Tsiku lina ndinaima pa shopu ya mnzanga n'kumamvetsera mmene anthu amafunsira. Palibe amene ananena kuti "ndikufuna quality charger". Aliyense amatchula mtundu wa foni yake, kamwa ya chingwe, kaya Type-C kaya ina, ndi kutalika kwake. Ndinabwerera kunyumba n'kulembanso mayina onse motsatira pakamwa pa wogula.

Mai a Tadala, inu muli ndi chuma chimene ambiri alibe, ma chat a makasitomala anu pa WhatsApp. Khalani pansi madzulo amodzi, muwerenge mafunso awo a miyezi itatu yapitayi, mulembe m'kope mawu amene akubwerezedwa. Mudzapeza ena akuti chitenje, ena African print, ena ankara, a ku East Africa akuti kitenge. Mudzapezanso kuti amafunsa saizi ndi mwambo umene akukavalira, kaya ukwati, kaya lobola, kaya Heritage Day ya pa 24 September. Dzina la diresi lobiriwiralo likhoza kukhala "Green Chitenje Wrap Dress, African Print, Size 32–44". Mawu olemera akhale kutsogolo, chifukwa Google imadula dzina likapitirira zilembo pafupifupi 60. Dzina la sitolo likhale kumapeto, likadulidwa limenelo simunataye kanthu.

Chikondi wa ku Yeoville
Ine ndikuti muikemonso mawu oti shweshwe. Kuno ku Joni akazi ambiri akafuna chovala cha chikhalidwe amalemba amenewo. Mukawaika m'dzina, anthu onsewo adzagwera kwa inu.

Mai a Tadala
Ayi achemwali, pamenepo ndikane. Shweshwe ndi chitenje ndi nsalu ziwiri zosiyana, ndipo mayi wa kuno amazindikira ndi chala chokha. Shweshwe yeniyeni imapangidwa ndi Da Gama Textiles ku Eastern Cape, ikakhala yatsopano imakhala yolimba ndi sitachi, ili ndi kafungo kake, kumbuyo kuli chidindo, chodziwika kwambiri ndi cha Three Cats, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 90 okha. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, obwerezabwereza. Chitenje chathu n'chotakata kuposa pamenepo, maluwa ake ndi akuluakulu, ndipo chimagwa pathupi mosiyana. Ndinasokerapo mkwatibwi wa ku Lesotho chovala cha shweshwe, ndinachita kuichapa kaye nsaluyo kuti ifewe ndi kubwerera ndisanaidule. Munthu woteroyo alembe shweshwe pa Google, afike kwa ine, alipire, atsegule phukusi apeze chitenje, adzati chiyani? Adzabweza, ndipo adzauza anzake kuti Amalawi aja ndi abodza. Dzina limenelo silidzathera pa ine ndekha, lidzagwira tonse m'gulu muno.

Kondwani
Mayi anena zoona, ndipo ngakhale ku mbali ya makina bodza limenelo silipindula. Munthu amene wabwera kufuna shweshwe sagula chitenje, mwangomutayitsa nthawi. Koma achemwali a Chikondi akhudza chinthu chabwino. Mayi, zimene mwalemba pamwambapa, za kusiyana kwa nsalu ziwirizi, zilembeni pa tsamba lakelake mu sitolo yanu, ndi zithunzi ziwiri zoyandikana. Amenewo ndi mawu a munthu wogwira nsalu tsiku ndi tsiku, sangawakopere kwina, ndipo anthu amafunsadi funso limeneli.

Che Jafali
Ndikuwerenga ndithu, ngakhale sindinasinthe maganizo. Koma ndifunseko. Zonsezi mukulemba m'Chingerezi. Nanga wa kwathu amene amalemba "mpunga wa Kilombero" kapena "zitenje zaukwati", simukumutaya? Mayi anga aang'ono ali ku Lenasia, Chingerezi amamva, koma pa foni amalemba Chichewa kapena Chiyao basi.

Kondwani
Funso labwino, Che Jafali. Palibe lamulo loti tsamba likhale m'chilankhulo chimodzi. Ine ndimalangiza kuti dzina la katundu likhale m'Chingerezi koma dzina lenileni la chinthucho lisasinthidwe: chitenje chikhale chitenje, Kilombero akhale Kilombero, kambuzi akhale kambuzi. M'munsi, pofotokoza, mukatha Chingerezi onjezerani ndime yaifupi m'Chichewa, yolembedwa ndi inu nomwe. Pa intaneti masamba a Chichewa ndi ochepa, ndiye opikisana nawo pa mawu amenewo ndi ochepanso. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, koma musaidalire kuti ikulembereni, wa kwathu amamva msanga kuti apa sanalembe munthu.

Pofotokozapo, mayi, lembani zimene kasitomala akanakufunsani mukanakhala naye maso ndi maso. Nsalu yake ndi yotani, ili ndi lining kapena ayi, kutalika kuchoka paphewa kufika pansi ndi masentimita angati, ili ndi matumba, imachapidwa bwanji, mumatenga masiku angati kusoka, mumatumiza bwanji, kaya pa PAXI kukatengera ku PEP kaya pa loka ya PUDO. Pa zitenje zosasoka lembani mamita, ndipo ngati mukugulitsa chathunthu cha mayadi 6 nenani choncho. Musakopere mawu amodzimodzi pa madiresi onse 38.

Bambo Mwale
Ndikuchenjezeninso za anthu olonjeza nambala wani. Zaka ziwiri zapitazo mnyamata wina anandilembera kuti pa R2 500 andiika pamwamba pa Google m'mwezi umodzi. Ndinalipira. Chimene anachita n'kudzaza pansi pa masamba anga mawu oti "cheap charger Johannesburg cheap charger Pretoria cheap charger Durban" kambirimbiri, atawalemba ndi utoto woyera pa tsamba loyera kuti munthu asawaone. Anadzazanso malo obisika olembamo mawu osakira, otchedwa meta keywords, n'kundionetsa monyadira. Pambuyo pake ndinamva kuti Google inalengeza kale mu 2009 kuti meta keywords siigwiritsa ntchito posanja masamba, ndipo mawu obisika ndi kuphwanya malamulo ake. Anthu obwera pa sitolo sanachuluke, ndalama zinapita, mnyamatayo foni anasiya kuyankha. Google yomwe imanena poyera kuti palibe amene angakutsimikizireni malo oyamba. Amene wakulonjezani zimenezo, gwirani chikwama chanu.

Chikondi wa ku Yeoville
Pepani bambo, R2 500 ndi lendi ya chipinda imeneyo. Ine ndili ndi china chimene chandidabwitsa. Ndimagulitsa mafuta a malambe ndi sopo wopanga ndekha. Mwezi watha mtsikana wina wa ku Sandton anaoda mabotolo awiri, nditamufunsa kuti wandidziwa bwanji anati anafunsa ChatGPT, chida cha AI choyankha mafunso, komwe angapeze mafuta a baobab opangidwa ndi anthu ang'onoang'ono ku Johannesburg, ndipo sitolo yanga inali m'gulu la zimene inatchula. Ndinasangalala. Koma nditayesa ndekha pa AI ina, inatchula mtengo wakale, wa chaka chatha. Nditafufuza ndinapeza kuti mtengo watsopano ndinaulemba pa chithunzi chokha, m'mawu a pansi munatsala wakale. A Kondwani, zinthu zimenezi zimasankha bwanji wotchula?

Kondwani
Achemwali, mwadziyankha kale theka. Zida zimenezi zimadalira kwambiri mawu olembedwa pa tsamba. ChatGPT inatuluka pa 30 November 2022, mu 2024 inatsegula ChatGPT Search yosaka pa intaneti poyankha, ndipo chaka chomwecho Google inayamba kuika mayankho a AI pamwamba pa zotsatira, amene amati AI Overviews. Munthu akafunsa, chidacho chimasaka masamba, chimawerenga, n'kuluka yankho kuchokera pa zimene chapeza. Ndiye mtengo, saizi ndi dera zikakhala pa chithunzi chokha, monga timachitira pa ma flyer a status, mwazibisa. Zikhale m'mawu, ndipo zigwirizane paliponse: pa sitolo, pa Facebook, pa Instagram, pa catalogue ya WhatsApp Business. Pena R450, pena R380, makina sadziwa choona, munthunso amayamba kukaika.

Kusiyana kwake ndi kusaka kwakale n'kwakuti anthu amafunsa funso lathunthu. Salemba "chitenje dress" basi, amati ndikufuna diresi la African print la saizi 42 lokhala ndi matumba, lofika sabata isanathe, osapitirira R600. Tsamba limene lili ndi mayankho onsewo m'mawu omveka ndi limene lingatoledwe. N'chifukwa chake ndinalimbikira pa kufotokoza kuja.

Palinso chimene amati structured data, cha schema.org, chimene Google, Bing ndi Yahoo anayambitsa limodzi mu 2011. Ndi kalembedwe kobisika kouza makina mosapita m'mbali kuti ili ndi dzina, uwu ndi mtengo, ndalama yake ndi ZAR kutanthauza randi, katundu alipo kapena watha. WooCommerce ndi Shopify zimaika zambiri mwa izi zokha ngati mwadzaza mabokosi oyenera. Thoko, ika adiresi ya diresi limodzi pa Rich Results Test ya Google uone ngati ikuwerenga mtengo. Uonenso fayilo ya robots.txt, imene imauza makina oyendera masamba komwe angalowe, kuti siikutsekereza OAI-SearchBot, ameneyo ndi amene amayendera masamba kuti aoneke pa kusaka kwa ChatGPT. GPTBot ndi wina, wotolera mawu ophunzitsira, mwini sitolo akhoza kumutseka iyeyo n'kusiya winayo. Ulembetsenso pa Bing Webmaster Tools, imene ili ngati Search Console ya Bing, chosakira cha Microsoft; imalola kukoka zonse kuchokera ku Search Console, ndipo Copilot, AI ya Microsoft, imadalira Bing.

Thoko
Ndalemba zonse m'kope. Mnzanga wina kusukulu amati ndiikenso fayilo ya llms.txt yofotokozera zida za AI za webusaiti, akuti ndiyo njira yatsopano.

Kondwani
Imeneyo ndi ganizo limene linaperekedwa mu 2024, ena akuiika, siiwononga kanthu. Koma Google inalemba kuti palibe fayilo yapadera imene ikufunika kuti tsamba lioneke m'mayankho ake a AI. Kwa azakhali akowa, ola limene ungathere pa fayilo imeneyo kuli bwino ulithere pa mayina a zithunzi. Ndikutsimikiza kuti panopa ndi IMG_2045.jpg ndi anzake. Usinthe akhale ngati green-chitenje-wrap-dress.jpg, ndipo pa chithunzi chilichonse udzaze alt text, chiganizo chimodzi chonena chimene chikuoneka. Zimathandiza pa Google Images, komwe anthu ambiri ofuna zovala amayambira, komanso ndi mawu amene foni imawerengera munthu wosaona.

Mai a Tadala
Ndamva, ndipo mutu wayamba kupepuka. Koma pali vuto la ntchito yathu ya zitenje limene mwina simukulidziwa. Chitenje chikatha, chatha. Maluwa aja obiriwira ndinapeza zidutswa zinayi zokha, ndikapitanso kwa ogulitsa ndikapeza ena. Ndiye ndikavutika kulemba tsamba labwino, Google n'kulipeza patatha masabata atatu, pamenepo nsaluyo yatha kale. Ine ndimangofufuta tsambalo. Kodi si kutunga madzi ndi dengu kumeneku?

Kondwani
Apa ndiye mwafika pa fupa lake. Musamafufute. Mukafufuta, link ija munatumizira anthu pa WhatsApp imafa, woidina amapeza 404, uthenga woti tsambalo kulibe, ndipo zonse zimene Google inasonkhanitsa pa tsambalo zimatayika. Njira zilipo ziwiri. Ngati sitayilo ya diresiyo mudzaisokabe ndi nsalu zina, tsamba likhale la sitayilo, osati la maluwa. "Chitenje Wrap Dress" likhale tsamba limodzi losatha, maluwa akhale zosankha m'kati mwake, akatha ena mukuchotsa n'kuika atsopano. Tsamba lotero limakalamba ndi mphamvu zake. Ngati chinthucho sichidzabweranso n'komwe, chilembeni kuti chatha n'kuonetsa zofanana nacho pansi, kapena Thoko aike redirect ya 301 yopititsa munthu ku tsamba la gulu lonse la madiresi. Ndipo masamba a magulu amenewo, madiresi, masiketi, malaya aamuna, zitenje zosasoka, muwalembere ndime yabwino lililonse, chifukwa amenewo ndiye sadzatha.

Mai Nasibeko
Ndakhala chete ndikuwerenga kuchokera ku Cosmo City. Ine ndimagwira ntchito ya maakaunti, ndiye ndionjezere za malamulo, poti nazonso zimayenera kuoneka pa sitolo. Kuno kuli lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2002. Limafuna kuti wogulitsa pa intaneti aonetse kuti iye ndi ndani, angapezeke bwanji, mtengo wonse kuphatikiza kutumiza, ndi ndondomeko yobwezera katundu. Limapatsanso wogula masiku 7 atalandira katundu oti akhoza kusintha maganizo n'kubweza. Koma zinthu zosokedwa motsatira muyeso wa munthuyo sizili m'gulu limeneli. Ndiye Mai a Tadala, pa tsamba lililonse nenani momveka ngati diresilo ndi losokeratu kapena losoka pa oda, zidzakupulumutsani ku mikangano. Komanso mukamasunga manambala ndi maadiresi a makasitomala, kumbukirani lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Musaike nkhope kapena chat ya kasitomala pa sitolo musanamupemphe.

Kondwani
Zikomo mayi. Ndipo tsamba la ndondomeko yobwezera likakhalapo, mukhoza kulembetsa pa Google Merchant Center, komwe kuyambira 2020 katundu amatha kuoneka pa Shopping popanda kulipira malonda. Koma zimenezo zidikire, mayina ndi zithunzi zikonzeke kaye.

Che Jafali, inu ndabwerera kwa inu. Webusaiti simukuifunadi panopa, ndikuvomereza. Koma muli ndi shopu yeniyeni, ya chitseko ndi chikwangwani. Google Business Profile ndi yaulere, imakuikani pa Google Maps ndi maola otsegulira, nambala ndi zithunzi. Mmalawi amene watsika basi ku Park Station sabata yatha alibe nambala yanu. Akalakalaka mpunga wa kwathu adzalemba pa foni, ndipo panopa sakupezani.

Mai a Tadala
Ine za Maps ndimaopa, ndinene chilungamo. Ndimasokera m'nyumba momwe ndimagona ndi ana. Makina anga awiri ndi overlocker ndiye moyo wathu wonse. Kuika adiresi poyera kuno, mlendo ngati ine, mtima sukundilola.

Kondwani
Mantha amenewo ndi oyenera, ndipo musaike. Ngati mumapita kwa makasitomala kukawayeza kapena kukawapatsira katundu, polembetsa mukhoza kubisa adiresi n'kungotchula madera amene mumafikako, monga Turffontein, Rosettenville ndi Johannesburg South. Kenako pemphani makasitomala enieni, amene munawasokeradi, kuti alembe ndemanga. Osagula ndemanga, osalonjeza kuchotsera mtengo posinthana nazo, malamulo a Google amaletsa. Zisanu zoona zonena kuti diresi linakwana bwino ndipo linafika pa nthawi yake zikukwanira poyambira.

Chikondi wa ku Yeoville
Ndemanga yoyamba ndilemba ndine, siketi ija munandisokera ya pa Khirisimasi mpaka pano sinasuluke.

Thoko
Mwadzuka bwanji nonse. Usiku ndaika plugin, ndalembetsa Search Console, sitemap yalandiridwa. Azakhali anajambulanso diresi lobiriwira m'mawa uno pafupi ndi windo, magetsi atazimitsa, chifukwa babu limasintha mtundu wa nsalu. Ndachepetsa chithunzicho kufika 180 KB. Koma nditaika link pa Facebook ikutulukabe yakale ija.

Kondwani
Facebook imasunga zimene inaona koyamba. Tsegula Sharing Debugger yawo, ika link, dina Scrape Again. Pa WhatsApp, foni imene inatumizapo kale link imeneyo ikhoza kukumbukirabe zakale kwa kanthawi, ndiye poyesa onjezera ?v=2 kumapeto kwa link.

Mai a Tadala
Abale, yatuluka! Diresi lonse likuoneka, kuyambira kolala mpaka pansi, dzina lake lili pamwamba, m'munsi muli mtengo ndi masaizi. Ndawatumiziranso mayi a kutchalitchi aja, ayankha kuti ndiwasungire saizi 40, abwera kudzayesa Lachisanu. Atsala masamba 37. Ndaganiza kuti ndizichita atatu usiku uliwonse ndikatseka makina, ine kulemba m'kope, Thoko kuika. Ndayamba kale kuwerenga ma chat monga ananenera Bambo Mwale, ndipo ndapeza kuti anthu asanu ndi mmodzi anafunsa ngati madiresi ali ndi matumba. Ine sindinalembepo zimenezo paliponse, chonsecho onse ndimawaika matumba.

Bambo Mwale
Amenewo alowe pa mzere woyamba weniweni.

Che Jafali
A Kondwani, za Maps zija. Akafuna kutsimikiza kuti shopu ndi yanga, amafuna chiyani?

Kondwani
Nthawi zambiri masiku ano amapempha kavidiyo kojambula pa foni, koonetsa msewu, chikwangwani, ndi inu mukutsegula kapena kulowa mkati. Chikwangwanicho chikhale ndi dzina lomwelo limene mulembetse. Loweruka ndili ku Fordsburg m'mawa, ndikhoza kudutsa.

Che Jafali
Bwerani ikangokwana 2 koloko, nthawi imeneyo anthu amachepa. Chikwangwani chinafufutika mbali imodzi ndi dzuwa, ndiitana mnyamata wopenta mawa.